Johnny Winter, Katswiri wa Gitala wa ku Texas: Mafunso ndi Mayankho

Okonda chamba cha blues akayamba kutchula akatswiri, pakamwa pamabwera msanga B.B. King, Eric Clapton ndi Jimi Hendrix. Dzina la Johnny Winter limatsalira m'mbuyo, chonsecho anaimba gitala pa nsanja zaka zoposa 50, ndipo ntchito imene anagwirira mkulu wa blues, Muddy Waters, ndi yoti palibe mnzake wa m'badwo wake amene anaichita. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu amakhala nawo akangomumva koyamba.

Kodi Johnny Winter anali ndani?

Anali woimba gitala ndi nyimbo za blues ndi rock wa ku America. Dzina lake lonse ndi John Dawson Winter III. Anabadwa pa 23 February 1944 mumzinda wa Beaumont m'chigawo cha Texas, ndipo anamwalira pa 16 July 2014 ku Switzerland ali ndi zaka 70. Anali wamtali, woonda kwambiri, wa tsitsi lalitali loyera mbuu, chifukwa anabadwa ndi khungu la chialubino. Mng'ono wake Edgar Winter, wobadwa mu 1946, nayenso ndi wachialubino ndiponso woimba wotchuka.

Anakulira m'banja lotani, nanga gitala anaiyamba bwanji?

Nyimbo anazipeza m'nyumba. Bambo ake, ochokera ku Leland m'chigawo cha Mississippi, ankaimba saxophone komanso ankaimba m'matchalitchi ndi pa maukwati. Mayi ake ankaimba piyano. Johnny anayamba ndi clarinet ali wamng'ono, kenaka anatenga ukulele, kagitala kakang'ono ka nsambo zinayi, ndipo manja atakula anasamukira ku gitala yeniyeni. Ali ndi zaka 10, iye ndi Edgar anali ataonekera kale pa pulogalamu ya ana pa wailesi ya kanema ya m'dera lawo.

Ali ndi zaka 15 anali ndi gulu lake, Johnny and the Jammers, ndipo anajambula nyimbo yotchedwa "School Day Blues" ku kampani ina yaing'ono ya ku Houston. Kuyambira pamenepo mpaka 1968 anali woimba wa m'mabala ndi m'makalabu. Ankaimba chilichonse chimene omwa mowa apempha, n'kumajambula tinyimbo m'makampani ang'onoang'ono amene sankamulipira zenizeni. Zaka zimenezi anthu sazitchula, koma ndi mmene zala zake zinakhwimira.

Chialubino chinakhudza bwanji moyo wake?

Chinamukhudza kwambiri, ndipo sankabisa. Maso ake sankaona bwino moyo wake wonse. Kusukulu masewero ambiri a anzake sankawatha, ndipo ana ena ankamutonza ndi kumupatsa mayina, moti nthawi zina zinkathera m'ndewu. Atakula ankanena kuti nyimbo za anthu akuda zinamulowa mumtima chifukwa nayenso ankadziwa kusalidwa chifukwa cha khungu. Sankatanthauza kuti mavuto ake anali ofanana ndi awo. Iye anali wa m'banja lachizungu lopeza bwino, ndipo malamulo a tsankho sankamuletsa kulowa paliponse. Koma kuyang'anitsitsidwa ndi kulozedwa chala mumsewu ankakudziwa bwino lomwe.

Makolo ake ndi oyenera kuwayamikira. Sanabise anawo m'nyumba. Anawagulira zida zoimbira, kuwatengera ku mipikisano, ndi kuwalola kuima pamaso pa anthu adakali aang'ono. Wowerenga wa ku Malawi, kumene abale athu achialubino akhala akusakidwa ndi kuphedwa chifukwa cha zikhulupiriro zabodza, sangawerenge mbali imeneyi mtima uli m'malo. Tili ndi Lazarus Chigwandali, amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe asanadziwike kunja, ndipo ku Mali kuli Salif Keita. Johnny sanakumane ndi zoopsa ngati zathuzi, komabe nkhani yake ikuonetsa zimene mwana wachialubino amatha kuchita makolo akamuika poyera ndi kumupatsa chida m'manja.

Mnyamata wachizungu anafika bwanji ku nyimbo za anthu akuda, m'nthawi ya tsankho?

Beaumont ndi mzinda wa mafuta ndi zombo, ndipo tsankho kumeneko linali la mizu. Mu 1943, chaka chimodzi Johnny asanabadwe, mumzindawo munabuka zipolowe, azungu n'kuwotcha nyumba ndi masitolo a anthu akuda. Sukulu, malo odyera ndi malo ovinira zinali zogawikana. Chokhacho chimene sichinkagawika chinali wailesi. Johnny ankatchera khutu ku pulogalamu ya Clarence Garlow, muulutsi wakuda amenenso anali woimba gitala, mpaka anadziwana naye ndi kuphunzira kwa iye. Ndalama iliyonse imene wapeza inkathera pa zimbale za Muddy Waters, Howlin' Wolf ndi ena otero, ndipo ankazibwerezabwereza mpaka kuloweza mmene chala chilichonse chikuyendera.

Nkhani imene ankakonda kufotokoza ndi ya pamene anali ndi zaka 17. B.B. King anabwera kudzaimba ku kalabu ya anthu akuda yotchedwa Raven ku Beaumont komweko. Johnny anapita ndi anzake ochepa, ndipo azungu m'nyumba monsemo anali okhawo. Anatumiza uthenga wopempha kuti aimbeko nyimbo imodzi. B.B. King anazengereza, ndipo pomveka: mwana wosamudziwa, wachizungu, akufuna gitala yake pakati pa ntchito. Anamufunsa ngati ali ndi khadi la bungwe la oimba, Johnny n'kulitulutsa m'thumba. Anthu a m'kalabumo nawo anayamba kumupemphera mwayi. Mkuluyo anamupatsa gitala, mnyamatayo anaimba, ndipo pomaliza anthu anaimirira kumuombera m'manja. Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi ndi kuwolowa manja kwa B.B. King ndi anthu a m'kalabumo, amene analandira mwana wa mtundu umene sukanawalandira iwo pakhomo pake.

Nanga kutchuka kwake kunabwera bwanji?

Kunabwera ngati mphezi, m'miyezi yochepa chabe. Mu 1968 anapanga gulu la anthu atatu ndi Tommy Shannon pa besi ndi Uncle John Turner pa ng'oma, n'kuganiza zosiya nyimbo zokondweretsa omwa mowa kuti aziimba blues yokhayokha. Ndalama zinachepa, koma anajambula chimbale cha *The Progressive Blues Experiment* ku Austin. Mu December chaka chomwecho magazini ya Rolling Stone inalemba za oimba a ku Texas, ndipo inamutchula Johnny ngati mmodzi wa oopsa kwambiri pa gitala. Mwezi womwewo Mike Bloomfield, katswiri wina wa gitala amene anadziwana naye ku Chicago, anamuitanira pa nsanja ya Fillmore East ku New York. Johnny anaimba nyimbo imodzi ya B.B. King, "It's My Own Fault". M'gulu la omvera munali akuluakulu a kampani ya Columbia Records, ndipo pasanapite nthawi anamusainitsa pa madola 600,000, ndalama imene panthawiyo inkanenedwa kuti ndi yaikulu kuposa imene woimba watsopano aliyense analandirapo.

Chimbale chake choyamba ku Columbia chinatuluka mu 1969, ndipo anaitanamo akuluakulu awiri a blues ya ku Chicago, Willie Dixon ndi Big Walter Horton. Chachiwiri, *Second Winter*, chinatuluka chaka chomwecho chili ndi mbale ziwiri koma nyimbo mbali zitatu zokha. Mbali yachinayi inali yopanda kanthu. Tommy Shannon uja ndi yemwe pambuyo pake anadzakhala woimba besi wa Stevie Ray Vaughan, katswiri wina wa ku Texas komweko.

Akuti anaimba ku Woodstock, phwando lalikulu la zoimba la ku America. Bwanji saoneka mu filimu ya phwandolo?

Anaimbadi, usiku wa Lamulungu pa 17 August 1969, ndipo Edgar anakwera nawo pa nsanja pa nyimbo zingapo. Amene ankayendetsa ntchito zake sanagwirizane ndi ojambula filimuyo, motero mbali yake sinalowemo. Anzake amene anaonekera mu filimu ya 1970 ija, monga Santana ndi Ten Years After, mbiri yawo inakwera kwambiri. Zonse zimene Johnny anaimba usiku umenewo zinadzatulutsidwa pa chimbale mu 2009.

Tinene kuti anali wa blues kapena wa rock?

Mumtima anali wa blues. Ndalama ndi chikhamu cha anthu anazipeza mu rock. Apa ndi pamene panali nkhondo ya moyo wake wonse.

Mu 1970 gulu la anthu atatu lija linatha, ndipo Johnny anatenga anyamata a gulu la The McCoys, kuphatikizapo Rick Derringer pa gitala yachiwiri. Gulu latsopanoli, Johnny Winter And, linkaimba rock yaphokoso ndi yothamanga. Nyimbo ya "Rock and Roll, Hoochie Koo", yopekedwa ndi Derringer, inachokera kumeneku, ndipo chimbale chawo chojambulidwa pa nsanja cha 1971 chinagulidwa kwambiri. M'zaka za m'ma 1970 Johnny ankadzaza mabwalo akuluakulu a masewero. Amene amakonda rock sadzanyozapo nthawi imeneyi, ndipo n'zoona kuti kaimbidwe kake ka "Johnny B. Goode" ndi "Jumpin' Jack Flash" n'kotentha. Koma mwini wake ankanena poyera kuti sinali nyimbo imene ankafuna kukalamba nayo. Ngakhale pakati pa phokosolo, ankaikamo nyimbo imodzi ya blues yodekha ndi yaitali, ndipo mukaimvetsera mumamva kuti munthuyu wafika kwawo.

N'zoona kuti mankhwala ozunguza bongo anatsala pang'ono kumumaliza?

N'zoona. Kutchuka kwadzidzidzi kunamusokoneza. Ankadandaula kuti anthu asiya kumuona ngati munthu, ena akufuna tsitsi lake, ena akufuna ndalama zake, ndipo anasowa woti n'kukhala naye pansi kucheza. Anayamba heroin. Hendrix ndi Janis Joplin, amene onse anaimbapo nawo, anamwalira mu 1970 motsatizana. Johnny atawona kumene akulowera anasiya zoimba, n'kukagonekedwa ku chipatala cha River Oaks ku New Orleans kwa miyezi pafupifupi 9. Anabwerera mu 1973 ndi chimbale cha *Still Alive and Well*, chimene dzina lake linali yankho kwa amene ankafalitsa kuti watha.

Sikuti nkhaniyo inathera pamenepo. Anakhala zaka zambirimbiri akumwa methadone, mankhwala amene madokotala amapereka kwa ofuna kusiya heroin, ndipo mowa ndi mapiritsi ena zinadzawonjezera mavuto.

Ubale wake ndi Muddy Waters unali wotani, ndipo n'chifukwa chiyani anthu amaukamba kwambiri?

Muddy Waters ndiye tate wa blues ya magetsi ya ku Chicago. Anachoka ku minda ya thonje ya ku Mississippi mu 1943, ndipo nyimbo zimene anajambula ku Chess Records m'zaka za m'ma 1950 ndi zimene anyamata a ku England ndi ku America anaphunzirirapo. Gulu la Rolling Stones linatenga dzina lake ku nyimbo ya mkuluyu. Koma pofika m'ma 1970 ana amene anaphunzira kwa iye anali akusambira m'ndalama, mwini wake akuimba m'makalabu ang'onoang'ono. Kampani yake inayesa kumuveka zovala zosamuyenera, monga pa chimbale cha *Electric Mud* cha 1968, chimene iye mwini sanachikonde. Cha m'ma 1975 Chess inali itagwa, ndipo Muddy, ali ndi zaka zoposa 60, analibe kampani yomujambula.

Johnny panthawiyo akanatha kupitiriza kudzaza mabwalo ndi rock. M'malo mwake anagwiritsa ntchito dzina lake kumulowetsa Muddy ku Blue Sky Records, kampani ya manijala wake Steve Paul imene zimbale zake zinkagulitsidwa kudzera ku Columbia, ndipo iye mwini anakhala woyang'anira kajambulidwe. Mu October 1976 anasonkhana mu situdiyo ku Westport, m'chigawo cha Connecticut. Panali James Cotton pa harmonica, Pinetop Perkins pa piyano, Bob Margolin pa gitala, Willie "Big Eyes" Smith pa ng'oma ndi Charles Calmese pa besi.

Nzeru ya Johnny inali yosavuta, ngakhale panthawiyo inali yosemphana ndi mmene masitudiyo ankagwirira ntchito. Ojambula ambiri ankatsekera woimba aliyense m'kachipinda kake n'kumajambula chida chimodzichimodzi, kuti mawu atuluke oyera. Johnny anaika onse m'chipinda chimodzi, akuonana maso ndi maso, n'kuwauza kuti aimbe ngati ali ku kalabu. Mawu a ng'oma ankalowa mu maikolofoni ya piyano, a gitala mu ya woimba, ndipo iye anati zisiyeni choncho. M'masiku ochepa chimbale chinali chitatha. Chinatuluka mu 1977 ndi dzina loti *Hard Again*.

Mvetserani nyimbo yoyamba, "Mannish Boy". Muddy akatulutsa mzere, kumbuyo kumamveka munthu akukuwa mwachisangalalo, kumuvomereza ndi kumusonkhezera. Ameneyo ndi Johnny. Sakudzionetsa ndi gitala, ngakhale akanatha kutero. Waima kumbuyo kwa mkulu wake ngati mwana amene maloto ake akwaniritsidwa, ndipo nyimbo ikatha mumamva onse akuseka ndi kufuula mu situdiyomo.

Anapanga zimbale zinayi pamodzi: *Hard Again*, *I'm Ready* cha 1978, chimene chinabweretsanso Jimmy Rogers, mnzake wakale wa Muddy, *Muddy "Mississippi" Waters Live* cha 1979, ndi *King Bee* cha 1981. Zitatu zoyambazo zinapata Grammy, mphoto yaikulu ya zoimba ku America. Muddy anayambanso kuimba m'malo akuluakulu ndi kulandira ndalama zoyenera dzina lake, ndipo ankamutcha Johnny mwana wake. Anamwalira mu April 1983 ulemu wake utabwerera.

Azungu ambiri analemera ndi nyimbo za anthu akuda, ndipo ena sankatchula n'komwe kumene anazitenga. Ichi n'chifukwa chake ndimaona zimbale zinayizi ngati ntchito yaikulu ya Johnny Winter, kuposa liwiro lonse la zala zake. Naye zinamuchiritsa: mu 1977 anajambula chimbale chake cha *Nothin' but the Blues* ndi gulu lomwelo la Muddy, ndipo kuchokera pamenepo anakhazikika ku blues. Mu 1988 analowetsedwa mu Blues Hall of Fame, mndandanda wolemekeza akatswiri a blues, woimba woyamba wosakhala wakuda kulandira ulemu umenewo.

Kaimbidwe kake ka gitala kanali kosiyana bwanji ndi ena?

Choyamba ndi dzanja lamanja. Oimba rock ambiri amagwira kapulasitiki kokhwatchira nsambo pakati pa zala ziwiri. Johnny ankavala kake ku chala chachikulu ngati mphete, zala zinazo n'kukhala zomasuka kukoka nsambo zam'munsi. Njira imeneyi ndi ya oimba country monga Chet Atkins ndi Merle Travis, ndipo ndi imene inkamupatsa liwiro lija. Mawu ankatuluka motsatizana osapumira, koma lililonse lomveka palokha. Ena amati ankachulutsa, osasiya mpata woti nyimbo ipume ngati mmene B.B. King ankachitira. Pa zimbale zina za rock mawu amenewa ali ndi chilungamo chake. Pa blues yodekha, ayi.

Chachiwiri ndi kutsetsereka pa nsambo. Ankavala kachidutswa ka paipi yachitsulo ku chala chaching'ono cha dzanja lamanzere, n'kumakayendetsa pamwamba pa nsambo osazikanikiza, gitala n'kumalira ngati mawu a munthu. Pochita zimenezi ankamanga nsambo mwa mtundu wina, kuti akazikhwatcha zonse osagwira paliponse zizimveka zogwirizana kale. Achikulire a ku Malawi akudziwa kaimbidwe kameneka: ndi hauyani uja ankaimba akale, poyendetsa botolo kapena chitsulo pa nsambo. Kuti mumve Johnny ali pachimake pa luso limeneli, pezani "Highway 61 Revisited", nyimbo ya Bob Dylan imene iye anaisandutsa yakeyake. Anaiimbanso mu 1992 ku Madison Square Garden pa chikondwerero cha zaka 30 za Dylan pa zoimba.

Gitala imene anthu amamudziwa nayo ndi Gibson Firebird. Kuyambira m'ma 1980 ankakondanso Lazer, kagitala kopepuka kopanda mutu kopangidwa ndi Mark Erlewine wa ku Austin, Firebird n'kumaisungira nyimbo zotsetsereka. Mawu ake oimbira anali okhakhala, otuluka kukhosi mwamphamvu moti simungaganize kuti akuchokera m'thupi loonda chonchija.

Bwanji m'mavidiyo a zaka zake zomaliza amaimba atakhala pampando?

Thupi linali litafooka. Atatulutsa zimbale zitatu zabwino ku Alligator Records pakati pa 1984 ndi 1986, ndi *Let Me In* mu 1991, zaka zotsatira zinali zamdima. Mankhwala ndi mowa zinamufooketsa, anaonda mochititsa mantha, anathyoka m'chiuno, ndipo pa nsanja nthawi zina ankaoneka wosadziwa kumene ali. Omukonda ambiri ankatuluka m'makonsati ake ali ndi chisoni.

Zinthu zinasintha cha m'ma 2005 pamene Paul Nelson, woimba gitala m'gulu lake, anatenga udindo woyendetsa ntchito zake. Anamuthandiza kusiya mowa ndi mapiritsi, kudya bwino, ndipo pomaliza kusiya methadone pochepetsa mlingo pang'onopang'ono. Filimu ya moyo wake ya 2014, *Down & Dirty*, ikuonetsa zimenezi mosabisa. Mu 2007 anaimba pa phwando la magitala la Eric Clapton lotchedwa Crossroads, ndipo mu 2011 anatulutsa chimbale cha *Roots*. Ankabwera pa nsanja mochita kugwiriziridwa, atavala chipewa chakuda, mikono yodzaza zojambula pakhungu, n'kukhala pampando. Liwiro la unyamata linali litachepako, koma dzanja lotsetsereka lija linali lidakalipo.

Anamwalira bwanji?

Anamwalira ali pa ulendo wa zoimba ku Ulaya. Pa 14 July 2014 anaimba pa phwando la blues ku Cahors, m'dziko la France, ndipo patapita masiku awiri anapezeka atamwalira m'chipinda cha hotela pafupi ndi Zurich. Paul Nelson ananena kuti chinamutenga ndi matenda a m'mapapo a emphysema pamodzi ndi chibayo. Anaikidwa m'manda ku Easton, Connecticut.

Chimbale chake chomaliza, *Step Back*, chinatuluka mu September chaka chomwecho, muli alendo monga Eric Clapton, Billy Gibbons ndi Dr. John. Mu 2015 chinapata Grammy ya chimbale chabwino cha blues. Imeneyi inali Grammy yoyamba ya chimbale cha dzina lake, ndipo n'zowawa kuti sanaigwire m'manja. Mu 2022 Edgar anatulutsa chimbale chokumbukira mkulu wake, *Brother Johnny*, ndipo nachonso chinapata Grammy mu 2023.

Ndikufuna kuyamba kumumvera. Ndiyambire pati?

Yambani ndi *Hard Again*, ngakhale dzina lili pachikuto ndi la Muddy Waters. Mukatero bwererani ku *The Progressive Blues Experiment* kuti mumve mnyamata wa zaka 24 amene sanaonepo ndalama, akuimba "Mean Town Blues" ndi anzake awiri okha. Ngati mtima wanu uli ku rock, *Second Winter* ndi *Live Johnny Winter And* zikukwanirani. Oimba gitala amene akufuna kuphunzira kutsetsereka pa nsambo afunefune nyimbo ya "Dallas" pa chimbale chake cha 1969, pamene akuimba yekha ndi gitala yachitsulo ya National, popanda ng'oma kapena magetsi, moti chala chilichonse chimamveka pamene chikudutsa.